Ndevu Zodikira Njati

Lachisanu m'mawa, ukwati wa mwana wawo Lilian uli mawa lake, a Elliam anatulukira pa kashopu kometera ka Swaibu pa Phalula atafungatira ndevu zawo ngati munthu wopita kukagulitsa nkhuku. Ndevu zimenezi zinali zisanaone lumo chiyambire chaka chimene anthu ankavotera matipate, tsiku limene a Elliam, ali goloboyi wa Njati za pa Phalula, anamwetsedwa zigoli zisanu ndi Ng'ona za ku Liwonde, nalumbira pamaso pa anthu kuti sadzameta mpaka Njati zitagonjetsa Ng'ona.

"Swaibu, nola lumo," anatero akudzigwetsa pampando. "Tsiku lija lakwana."

"Tsiku liti, ambuje?"

"Lometa! Wagontha kodi? Lamulungu tapambana. Ziwiri kwa chimodzi, pakwawo penipeni, ku Liwonde."

Swaibu anatenga chipeso. Munthu ameneyu ukamuuza kuti dikira pano, ukabwera mawa umupeza pomwepo, phazi lili pamene unalisiya. Ndiye pa anthu onse a pa Phalula, a Elliam anasankha iyeyu kukhala mboni ya lumbiro lawo. Anadziputa okha.

"Tandikumbutsani zimene munandiuza tsiku lija," anatero Swaibu akupukuta chipeso.

"Ndinati udzandimete ndiwe."

"Munati ine ndekha. Kenako munanyambita chala n'kuloza kumwamba. Munati, 'Swaibu, ndikadzabwera Njati zisanagonjetse Ng'ona, ngakhale ndilire, ngakhale ndigwade, udzakane.'"

"Eya. Ndiye zagonjetsa."

"Wagonjetsa ndani?"

"Ife!"

"Inu ndani?"

"Aa! Njati, iwe! Njati za pa Phalula!"

"Pa Phalula palibe Njati."

A Elliam anatembenuka ndi mpando womwe. "Wati bwanji?"

"Zinalipo. Munali mmenemo inu, a Samson osewera kumbuyo aja, ndi ena amene anatisiya. Majezi akuda, mutu wa njati pamsana. Koma mutasiya mpira inu kunabwera abambo a ku parishi ndi mpira watsopano ndi majezi oyera. Anthu anayamba kuti Angelo."

"Amenewo anali maina ongosewera."

"Mwa Angelowo asanu ndi mmodzi anali Asilamu. Mng'ono wanga Mohamedi anali kaputeni wa Angelo."

"Mkati mwake zinali Njati."

"Mkati sindinaonemo, ambuje. Ine ndinaona majezi. Abambo aja atasamutsidwa, majezi anagula ndi a Hudson a chigayo. Timu inasanduka Madeya."

"Dzina lachipongwe limenelo! Sindinalitchulepo ine."

"Chigayo chitapsa, inatengedwa ndi mkulu wokhoma mabokosi a maliro uja."

A Elliam anagwedeza mutu, ndevu n'kumatsatira pambuyo. Chaka cha Mabokosi ankachikumbuka bwino. Matimu ena ankakana kubwera kudzasewera, amayi a osewera ankabisa ana awo kumunda, ndipo mwini timuyo akaona wosewera wagwa ankathamangira m'bwalo ndi tepi yoyezera, eti chizolowezi.

"Kenako bungwe la zaukhondo lija," Swaibu anapitiriza. "Samba M'manja."

"Basi, iwe, basi."

"Sindinathe. Kunabwera bwana wofuna uphungu uja, timu n'kukhala Chitukuko. Atagwa pachisankho anabwera kudzalanda majezi ake pa hafu taimu. Anyamata anamaliza mpira ali mimba pamtunda. Miyezi ingapo anthu ankati Amaliseche."

"Ndati basi! Munthu akasintha malaya sasintha magazi. Ine ndikavala jekete la a Enock, ndasanduka a Enock?"

"Silingakukwaneni. A Enock ndi ochepa thupi."

A Elliam anapuma mwamphamvu. Dzina la a Enock linawatuluka lokha chifukwa ndilo linali pamtima. A Enock ndi alongo ake a Maness, akazi awo a Elliam, ndipo ndiwo malume ake a mkwati. Usiku wathawo Maness anali atanena mosapsatira kuti mawa Lilian salowa m'tchalitchi atagwirana mkono ndi tchire. Ngati ndevu zikhalapo, mwana amulowetsa ndi a Enock, ndipo a Elliam akakhale kumbuyo ndi oyang'anira njinga. A Enock anali atachapitsa kale suti.

"Tamvera, Swaibu," anatero motsitsa mawu. "Mwana wamkazi ndili naye mmodzi. Ndinamunyamula paphewa kupita naye ku mpira asanayambe kuyenda. Mawa akalowetsedwe ndi Enock, munthu wosadziwa ndi komwe kona imamenyedwera?"

"N'zomvetsa chisoni."

"Ndiye meta."

"Iyayi."

"Swaibu!"

"Munati ngakhale mulire. Simunalirebe n'komwe."

"Chabwino, maina onsewo ndavomera. Angelo, Madeya, Mabokosi, onsewo. Koma timu ya pa Phalula yagonjetsa timu ya ku Liwonde. Zoona kapena zonama?"

"Zoona."

"Ehee!"

"Koma inu simunati Phalula ndi Liwonde. Munati Njati ndi Ng'ona. Tsono tandiuzeni, anyamata athu Lamulungu anavala chiyani?"

"Zobiriwira zija."

"Zinachokera kuti?"

"Modester wa kaunjika ndiye anapereka. Anatsegula belo n'kupezamo malaya a kolala ofanana okhaokha. Mayi wamtima wabwino."

"Pachifuwa pali chiyani?"

A Elliam anayang'ana kudenga. "Kachizindikiro."

"Ka chiyani?"

"Kabuluzi."

"Kali ndi mano."

"Abuluzi ena ali ndi mano."

"Ndi ng'ona, ambuje. Kang'ona kobiriwira, kukamwa yasa. Chiyambire chaka chatha Phalula yense akuti Ng'ona zathu, Ng'ona zathu. Ana akuimba m'misewu. Inu nokha ndi amene mumakuwa kuti Njati."

"Chifukwa ine ndekha ndi amene ndili ndi mutu!"

"Tsono a ku Liwonde anavala chiyani?"

Apa a Elliam anayamba kuchotsa kanthu kosaoneka m'ndevu.

"Zakuda," anadziyankha Swaibu. "Mutu wa njati pamsana."

"Anaba!"

"Sanabe. Chaka cha njala chija komiti inasinthanitsa majezi anu akale ndi dengu la mlamba wouma. Ndinalipo. Inu munadya mitu."

"Inali njala, iwe!"

"Sindikukana. Koma iwo anavala, anthu n'kuyamba kuwatchula Njati. Atang'ambika anakasoketsa ena kwa telala, mutu womwewo. Ana a ku Liwonde obadwa pano sadziwa n'komwe kuti kwawo kunali Ng'ona. Lamulungu lija inu munkakuwa chiyani?"

"Njati! Njati moto!"

"Ndiye masapota a ku Liwonde anakugulirani chimanga chootcha."

"Unali ulemu umenewo. Amadziwa mbiri yanga."

"Anakunyamulaninso m'mwamba pamene Liwonde inagoletsa."

"Ndimayesa akundichotsa padzuwa."

Swaibu anaika chipeso pansi mosamala. "Ndiye nkhani ili apa, ambuje. Lamulungu Ng'ona zagonjetsa Njati, ziwiri kwa chimodzi. Mwaluzanso. Pepani."

Ha! A Elliam anadzuka ngati akhalira singano. Zaka zonsezi akuyabwidwa, akutentha mwezi wa Okutobala ngati avala bulangete kukhosi, ana akuwathawa pamsika, tsiku limodzi lokha limene timu yawo yapambana munthu n'kumawapepesa!

"Ndaluza bwanji nditapambana?"

"Mwapambana ngati Ng'ona. Mwaluza ngati Njati."

"Ine sindine Ng'ona!"

"Ndiye ndinu wa ku Liwonde."

"Ndine wa pa Phalula! Mchombo wanga uli kuseri kwa sitolo iyo!"

"Ndiye ndinu Ng'ona."

"Swaibu, ndikumenya."

"Zimenezo sizinali m'lumbiro, koma ngakhale mutero ndikana."

A Elliam anatola chipewa chawo. "Ometa ndiwe wekha? Ndikwera minibasi pompano. Pa Balaka pali anyamata a makina, mphindi ziwiri chibwano chili mbee."

"Pitani bwino. Koma munati wina aliyense akadzakhudza ndevu zimenezi kupatula ine, mphenzi idzakupezeni ngakhale muli m'nyumba."

"Ndinatero?"

"Munabwereza kawiri."

A Elliam anasuzumira panja. Kumwamba kunali koyera ndithu, koma chakumapiri a ku Machinga kunali kamtambo kamodzi, kakang'ono, kongokhala ngati kakudikira munthu. Anabwerera pampando mwakachetechete.

"Nanga ungochepetsako? Pang'ono pokha, za m'mbalizi."

"Kuchepetsa ndi kumeta."

"Ndiye ndizipinda ndizilowetse m'malaya."

"Munayesa pa chinkhoswe. Zinatulukira pakati pa mabatani nthawi ya zithunzi."

Zinalidi choncho. Chithunzi chimenecho Maness anachitembenuzira kukhoma.

"A Swaibu," anatero a Elliam, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wawo kumuika munthuyu ulemu wotere. "Achimwene anga. Inu ndi ine tachokera kutali. Taganizani mavuto ali pa ine. Sikokwanira kuti mwana wanga akukwatiwa ndi Raymond, mnyamata wa ku Liwonde, womenya kutsogolo m'timu yawo yomweyo? Ine amene ndinanena Lilian ali kumsana kuti mwana wanga sadzakwatiwa ndi Ng'ona ndili moyo? Mawu amenewo akundisowetsa tulo. Ndameza chifukwa mwanayo wamukonda. Tsono ndimezenso Enock?"

"Za Lilianzo simunandiike umboni. Komabe Raymond uja..."

"Usamutchule! Meta basi."

"Iyayi."

A Elliam anatsika pampando n'kugwada pasimenti, pa tsitsi la anthu ena. Maondo analira ngati chitseko chakale.

Swaibu anawayang'ana mwachifundo chenicheni. "Mwagwada bwino, ambuje. Ndi zomwe munanena zija. Iyayi." Kenako anasuzumira dzuwa. "Komanso nthawi ya Juma yayandikira. Ndikatseka ndipita kumzikiti, ndikatuluka ndikwera ya ku Ntaja, kuli sadaka ya amalume. Kubwera Lolemba, Insha Allah."

"Lolemba! Ukwati ndi mawa!"

"Ndamva. Mundisungireko mpunga."

A Elliam anakhala pansi pomwepo, ndevu zili pamiyendo. Mtima unawawa zedi. Anamuona Enock m'maganizo, kasuti kake konyezimira, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa tchalitchi ndi Lilian, akugwedezera mutu uku ndi uku ngati mwana anabala ndi iye. Misozi inalengeza.

"Mpira uwu wandilanga," anadandaula. "Chaka chatha a ku Liwonde omwewa anabwera pano n'kutithira zisanu kwa duu. Raymond yekha zitatu. Ndinalira ngati mwana. Chaka chino tapambana, ndikuliranso."

"Chaka chatha ndinadabwa nanu."

"Unadabwa chiyani? Munthu asalire?"

"Ndinakudikirani mpaka dzuwa kulowa. Lumo ndinanola, madzi ndinafunditsa, ndinabweza makasitomala awiri. Inu munangodutsa apo osayang'ana kuno."

A Elliam anadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Unandidikira chifukwa chiyani?"

"Njati zinagonjetsa Ng'ona. Zisanu kwa duu."

Kunja minibasi inaima, n'kutsitsa munthu ndi mbuzi, n'kunyamuka.

"Ukutanthauza kuti lumbiro langa linatha chaka chatha?"

"Eya."

"Chaka chathunthu ndasenza chinthu ichi pachabe?"

"Ndi miyezi iwiri."

"Osandiuza bwanji, iwe munthu?"

"Munati mudzabwera nokha. Simunati ndidzakuitaneni."

A Elliam anafuna kutukwana, koma chimwemwe chinafika msanga kuposa mkwiyo. Anadumphira pampando ngati goloboyi wa kale uja, n'kukweza chibwano. "Chabwino! Zilibe kanthu! Njati zinapambana, ndavomera. Meta, mwana wa mayi anga, meta!"

Swaibu anatenga nsalu yoveka makasitomala, anaikutumula, kenako anaipindanso.

"Chatsala chimodzi."

"Chiyaninso?"

"Munanena mmene mudzabwerere. Munati mudzayambira pamsewu paja, mukuvina, mukukuwa kuti, 'Njati zapambana, Ng'ona zachita manyazi,' mpaka pampando pano. Lero mwabwera chongoyenda."

A Elliam anayang'ana kumsewu. Linali tsiku la anthu ambiri. Amayi a tomato ndi anyezi anali ndandanda m'mbali mwa tala. Anyamata a kabaza anali pansi pa mtengo, atatu a iwo atavala malaya obiriwira omwe aja, kang'ona pachifuwa, akukambabe za chigoli chachiwiri cha Lamulungu. Modester mwini wake anali pomwepo akuyala kaunjika. Phalula yense anali asanatsitse mapewa chipambanireni.

"Ukufuna ndikaime apo ndinene kuti Ng'ona zachita manyazi? Sabata ino?"

"Sindikufuna ine. Munafuna ndinu."

"Andipha anthu awa!"

"Mwina sangafike pokupha."

"Ndinganene chapansipansi?"

"Munati mokuwa, mpaka a ku Liwonde amve. Koma pamenepo ndikhoza kukukhululukirani, ndi kutali."

"Iyayi. Zimenezo ayi. Ine Elliam, amene ndinathyoka chala ichi chifukwa cha timu ya pano, ndikavinire Liwonde? Ndife kaye!" Anakumbatira ndevu zawo ndi manja onse. "Usandikhudze. Zikhale. Ndidzapita nazo kumanda."

"Chabwino," anatero Swaibu, n'kuyamba kulonga. Anaika lumo m'kabokosi, anatseka zenera, anatenga kofia yake pamsomali. "A Enock anadutsa dzulo kudzametetsa. Anati ndiwakonze bwino m'mbalimu chifukwa zithunzi zikhala zambiri. Anandifunsanso kuti mkwati amagwidwa ndi mkono uti."

A Elliam anaimirira.

"Anafunsa choncho?"

"Ndinati sindidziwa za kutchalitchi. Anati ayeserera onse awiri."

"Tsegula zeneralo. Funditsa madzi."

Anatuluka. Anayenda mpaka pamphepete pa tala, anavula chipewa n'kuchiika pansi bwinobwino, anakoka buluku m'mwamba. Amayi a tomato anasiya kuitanira. Ndiye mkulu uja anayamba: phazi ili, phazi ilo, chiuno chikukana koma akuchikakamiza, ndevu zikuuluka uku ndi uku ngati mchira wa ng'ombe.

"Njati zapambana," anatero, mawu ngati a munthu wodwala chimfine.

"Sizikumveka!" anakuwa Swaibu ali pakhomo.

"Njati zapambana! Ng'ona zachita manyazi!"

Msika wonse unati zii. Kenako unaphulika.

"A Elliam apenga!"

"Agulidwa! Mkamwini wawagula ndi chambo!"

"Chigoli chake chiti, madala? Munaonera mpira wake uti?"

Tomato woyamba anawapeza paphewa. Wachiwiri analowa m'ndevu osatulukanso. Modester anawaloza ndi nsapato ya kaunjika, akuti malaya ake anapereka ndi mtima umodzi ndipo sangatukwanidwe ndi munthu wofanana ndi tsache. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, minibasi ina imene inkadutsa inali ndi kondakitala wa ku Liwonde. Anatulutsa thupi lonse pazenera akuwomba m'manja, dalaivala n'kumaimba hutala motsatira mavinidwe.

A Elliam sanaime. Misozi inkatsika, manyazi ankawaotcha nkhope, koma m'maso mwawo munali Lilian yekha, atavala zoyera, akudikira pakhomo la tchalitchi. Anavina kudutsa pa anyezi, anavina kuzungulira njinga za kabaza, anakuwa mpaka mawu anasasa, n'kudzagwera pampando wa Swaibu ali wefuwefu.

"Mwasiya chipewa," anatero Swaibu.

"Meta!"

Anayamba ndi sizasi, chifukwa lumo silikanalowa. Munatuluka tomato uja, chitsekerero cha bolopeni, ndi kamtengo ka machesi. Zaka zonse zija zinagwa pansi mulu, ndipo mphepo itakhudza chibwano, a Elliam ananjenjemera ngati alowa mumtsinje m'mamawa. Swaibu anawapaka spiriti n'kuwapatsa galasi.

Anadziyang'ana nthawi yaitali. Munthu wa m'galasimo anali ndi kachibwano kakang'ono kotuwa, kofanana ndendende ndi ka Lilian. Anakagwira ndi zala, n'kuseka, n'kupukuta m'maso.

"Enock akaone," anatero. "Mawa mwana wanga ndimulowetsa ndekha." Kenako nkhope inagwanso. "Chimodzi chokha ndicho chikundiwawabe, Swaibu. Lumbiro la ndevu ndasunga. Koma mawu ena aja ndagonja nawo. Mawa ndi dzanja langa lomwe ndikupereka mwana wanga kwa Ng'ona."

"Ndi zimene ndimafuna kunena paja munandidula," anatero Swaibu akusesa ndevu. "Raymond amavala zakuda. Ndi Njati yeniyeni, yogoletsa zitatu."

A Elliam anatsegula pakamwa, nkhope ikuwala. "Eti eti! Ndiye kuti mwana wanga sakukwatiwa ndi Ng'ona!"

"Iyayi, ambuje," anatero Swaibu akuvala kofia. "Akuchoka kwa Ng'ona."